Masiku 12 ku Cameroon: ndingaone mizinda, mapiri ndi nyanja pa ulendo umodzi?

Funso: Mu January ndili ndi msonkhano wa kuntchito ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon. Ukatha ndikufuna kutsalira masiku 12 a tchuthi changa. Pamndandanda wanga pali Douala, Bamenda ndi msewu wa Ring Road, kukwera Mount Cameroon, Limbe, Kribi komanso kukaona nyama ku Waza. Chifalansa sindichidziwa, ndipo ndidzakhala ndekha. Kodi zitheka? Ndine mayi wa ku Area 47, Lilongwe.

Yankho: Mayi, mndandanda wanu ndauwerenga kawiri, ndipo ndaona kuti munaulemba mutayala mapu patebulo. Vuto la mapu n'lakuti sakuuzani kuti msewu uwu wadzaza mathiraki a zipika, kapena kuti uwo eni dziko okha amauyenda mtima uli m'mwamba. Cameroon ndi wamkulu kuwirikiza kanayi Malawi, ndipo malo mwatchulawo ali m'makona ake onse. Mukati muwagwire onse, zidzakhala za pusi uja: ichi chakoma, ichi chakoma, mpaka kugwa chagada. Mizinda, mapiri ndi nyanja mudzaziona ndithu, koma mulole ndifufute zina.

Waza ndiye woyamba kuchoka. Ali kumpoto kwenikweni, m'kachigawo kopanikizika pakati pa Nigeria ndi Chad, kumene zigawenga za Boko Haram zakhala zikuvutitsa kwa zaka zoposa khumi. Mu 2013 banja lina la alendo a ku France linabedwa litangochoka kumene kumalo osungira nyamawo. Komanso kunena zoona, munthu amene Liwonde ndi Majete ali pakhomo, South Luangwa ali kuseri kwa Chipata, alibe chifukwa chopitira kutali chonchi kukafuna njovu.

Bamenda ndi Ring Road zimandiwawa kuzifufuta, chifukwa ndi dziko lokongola zedi, la mapiri a udzu ndi mafumu akuluakulu ngati wa ku Bafut. Koma muyenera kudziwa chimene chikuchitika kumeneko. Cameroon anali m'manja mwa Ajeremani kuyambira 1884. Atagonja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dzikolo linagawidwa: gawo lalikulu kwa Afalansa, kachigawo ka kumadzulo kwa Angerezi. Gawo la Afalansa linalandira ufulu pa 1 January 1960, ndipo mbali ya kumwera ya kachigawo ka Angerezi inaphatikana nalo pa 1 October 1961 mu boma la chitaganya, lomwe linathetsedwa mu 1972. Kuyambira pamenepo anthu a zigawo ziwiri zolankhula Chingerezi, North West ndi South West, akhala akudandaula kuti amaponderezedwa. Kumapeto kwa 2016 maloya ndi aphunzitsi ananyanyala ntchito, boma linayankha ndi dzanja lolemera, ndipo pofika 2017 inasanduka nkhondo ya mfuti pakati pa asilikali ndi magulu ofuna kudzipatula. Anthu zikwizikwi afa, ena mazana a zikwi anathawa m'makomo. Lolemba lililonse m'madera ambiri kumeneko ndi tsiku lomwe amalitcha ghost town: misika yotseka, galimoto osayenda, ndipo wophwanya lamulo la zigawengalo amaika moyo pachiswe. Kuba anthu pofuna dipo nakonso kulipo. Bamenda ndiye likulu la North West. Ndikudziwa kuti chimakukokerani kumeneko ndi Chingerezi, koma mlendo woyenda yekha asapite.

Chotsala ndi ulendo wozungulira, umene ine ndimauona kuti ndi wabwino kuposa umene munalemba: Yaoundé, kukwera ku mapiri a chigawo cha West kumene kuli Bafoussam, Bandjoun, Foumban ndi Dschang, kutsikira ku Douala, n'kukathera kunyanja ku Kribi. Masiku ambiri muwapereke ku mapiriko. Nyanja tili nayo yathu, mizinda ikuluikulu mwaiona yambiri, koma zimene zili ku Foumban simudzazipeza kwina kulikonse.

Musanakwere ndege, konzani zinthu zinayi. Viza ikufunika, ndipo kuyambira 2023 imapemphedwa pa intaneti. Kalata yokuitanani ku msonkhano idzathandiza, koma onetsetsani kuti masiku a viza akukwana ndi tchuthi chomwe, osati msonkhano wokha. Katemera wa yellow fever ndi lamulo, ndipo ayenera kubayidwa masiku osachepera 10 musanafike. Khadi lachikasulo muzilisunga mkati mwa pasipoti, chifukwa sadzalifuna pabwalo la ndege pokha: ine anandifunsapo pa rodibuloko pakati pa tchire, wapolisi atasowa china chondipezera chifukwa. Pobwera kuno kwathu adzalifunanso. Za tikiti, ndege zochokera kuno zimadzera ku Addis Ababa kapena Nairobi. Pemphani kuti mudzatere ku Yaoundé koma pobwerera mudzanyamukire ku Douala, mupulumutsa tsiku lathunthu. Chachinayi ndi ndalama. Kumeneko amagwiritsa ntchito franc CFA ya m'chigawo cha pakati pa Africa, yomangiriridwa ku euro: euro imodzi ndi ma franc pafupifupi 656, mtengo wosasuntha. Choncho pokapempha ndalama zakunja kubanki, ndipo mukudziwa mmene zikuvutira masiku ano, yambani msanga ndipo pemphani ma euro. Kwacha palibe adzaiyang'ane. Samalaninso kuti CFA ya ku Senegal kapena Côte d'Ivoire ndi ina, ngakhale dzina ndi mtengo n'zofanana; pamsika sadzailandira. Ndipo kulikonse kumene mwapeza ndalama zing'onozing'ono, sungani. Pepala la 10,000 likhoza kukusowetsani chakudya muli ndi ndalama m'manja, poti wogulitsa aliyense amati alibe chenje.

Mwezi mwasankha bwino, kapena kuti msonkhano wakusankhirani bwino. Pamene kuno mvula ili pakati, kumwera kwa Cameroon ndi chilimwe, kuyambira cha mu November mpaka February. Chokhacho, mphepo ya fumbi yochokera ku Sahara, yotchedwa harmattan, imachititsa kuti kumwamba kuoneke mbuu, ndiye zithunzi za mapiri akutali sizituluka bwino.

Yaoundé mudzakhala mwaizolowera kale pa masiku a msonkhano, choncho tsiku limodzi kapena awiri akwana. Ndi mzinda wa zitunda, uli pamtunda wa mamita oposa 700, wa dothi lofiira lakatondo, ndipo usiku kumazizirirako bwino. Kaoneni National Museum, yomwe ili m'nyumba yakale ya pulezidenti woyamba, Ahmadou Ahidjo, ndi chipilala chokumbukira kugwirizana kwa zigawo ziwiri zija, chopotana ngati chigoba cha nkhono. Kwerani ku Mont Fébé madzulo mukaone mzinda wonse uli pansi. Ngati mukufuna nyama zomwe kwathu kulibe, pitani ku Mefou, kunja pang'ono kwa mzinda chakumwera, kumene amasunga ma gorilla ndi ma chimpanzee amasiye, omwe amayi awo anaphedwa ndi alenje. Kumeneko n'kumene kulowe m'malo mwa Waza wanu.

Muphunzire kukwera takisi ku Yaoundé komweko. Matakisi ndi achikasu, ndipo amanyamula anthu angapo ngati minibasi. Mumaima m'mbali mwa msewu, dalaivala amachepetsa liwiro, inu n'kufuula pawindo dzina la kumene mukupita ndi ndalama imene mupereke. Akaliza hutala, ndiye kuti wavomera, lowani. Akangodutsa osayankha, musakhumudwe, sikuti wakunyozani, njira zasiyana basi. Mukafuna galimoto yonse ikhale yanu mumati dépôt, ndipo usiku muzichita zimenezo, kapena hotela ikuitanireni dalaivala amene ikumudziwa. Galimoto zimayenda kudzanja lamanja, choncho podutsa msewu maso ayambe kumanzere. Zikumveka zachibwana, koma thupi lozolowera Lilongwe limaiwala.

Za chilankhulo musade nkhawa kwambiri. Dzikoli lili ndi zilankhulo zoposa 200, ndipo Chifalansa ndi Chingerezi zonse ndi za boma. Komanso nkhondo ija yabalalitsira anthu ambiri olankhula Chingerezi ku Yaoundé, Douala ndi Bafoussam, moti pamalo okwerera basi simudzasowa wokumvani. Lowezani moni, manambala ndi kafunsidwe ka mtengo. Moni ndiye chinsinsi, monga kwathu: kuyamba ndi funso musanati bonjour n'kupanda mwambo. Pali liwu lina la Pidgin lomwe mudzalikonde, ashia. Ndi pepani wathu yemweyu: wodwala, wotopa, wopunthwa, wonyamula katundu wolemera, onse amauzidwa ashia. Ndipo mukafuna kuti dalaivala amasuke, tchulani mpira. Pa 25 January 2022, pa mpikisano wa chikho cha Africa Cup of Nations, m'bwalo la Ahmadou Ahidjo mumzinda womwewu, Gabadinho Mhango anaponya chigoli chija cha patali mu ukonde wa Morocco. Tinagonja 2-1, koma dalaivala wina nditangoti ndine wa ku Malawi anasiya chiwongolero n'kuyamba kundionetsa ndi manja mmene mpirawo unapindikira. Ndinachita kumupempha kuti ayang'ane kutsogolo.

Kuchoka ku Yaoundé kupita ku Bafoussam ndi makilomita pafupifupi 300, kudzera ku Bafia ndi Bangangté. Mabasi kumeneko alibe depoti imodzi. Kampani iliyonse ili ndi bwalo lake, lomwe amati agence. Pali mabasi a mitundu iwiri, VIP ndi classique. Gulani VIP, musaumire. Ine ndinayesapo kupulumutsa ndalama: anandiuza kuti basi inyamuka 7 koloko m'mawa, ndinakhala pampando 6:30, injini ikulira kunamizira kunyamuka, ndipo tinatuluka pageti itadutsa 10, titadikira kuti mpando womaliza upeze mwini. Nyamukani m'mawa nthawi zonse, usiku musayende. Pamarodibuloko a polisi ndi ma gendarme (apolisi achisilikali) perekani pasipoti mwaulemu, yankhani zimene mwafunsidwa zokha. Ngati mapepala ali bwino, kudekha kumatsegula njira popanda kutulutsa kanthu. Musajambule asilikali, milatho, mabwalo a ndege kapena nyumba za boma.

Basi imaima pa Makénéné kuti anthu adye, ndipo pamenepo tsikani ndithu. Ndi msika wa utsi wokhawokha, mbaula mbali zonse za msewu. Pali kanyenya wothira tsabola ndi nsinjiro yemwe amati soya, nthochi zootcha, ndi chipatso china chobiriwira mkati, chofiirira kunja, chotchedwa safou, chomwe amachiotcha pamakala mpaka chifewe ngati mapeyala, chowawasira pang'ono, ngati mwachipeza m'nyengo yake. Mukadutsa pamenepo msewu umayamba kukwera, mphepo n'kusintha, ndipo mudzaona minda yothinana mpaka pamwamba pa zitunda, ya chimanga, nyemba, khofi ndi nthochi, ngati muli ku Thyolo kapena ku Misuku.

Kumeneku ndi kwa Abamileke, anthu otchuka pa malonda m'dziko lonselo. Chipereganyu chawo, chomwe amati tontine, si cha ndalama za ndiwo ayi. Anthu amamangira nyumba zosanja ndi kugulira mathiraki, ndipo wolephera kusonkha tsiku lake amachita manyazi osasimbika. Bafoussam payokha ndi tauni ya phokoso ndi malonda, yabwino kugonamo koma yopanda zambiri zoona. Zoona zili m'mabwalo a mafumu ozungulira, omwe amati chefferie. Wa ku Bandjoun, makilomita ochepa kuchokera m'tauni, ndiye woyambira. Chodabwitsa choyamba n'chakuti polowa mumatsetsereka: mfumu imakhala kumunsi, osati pamwamba pa chitunda. Mumadutsa pakati pa nyumba za akazi a mfumu, mbali iyi ndi iyo, mpaka kufika pa chinyumba chachikulu cha misonkhano, chofolera ndi udzu wochindikala, denga lake losongoka lokhala pa nsanamira zosemedwa zithunzi za anthu kuyambira pansi mpaka pamwamba. Chinapsa ndi moto mu 2005 ndipo anachimanganso mwa kamangidwe komweko. M'nyumba yosungiramo chuma cha ufumu mudzaona mipando yokutidwa ndi mikanda yokhayokha, nsalu ya buluu ndi yoyera yotchedwa ndop, ndi zigoba za njovu za mikanda, za makutu ngati mbale, zomwe amavala a gulu la Kuosi. Kuseri kuli nkhalango yopatulika. Inu ndinu wa kwa eni Gule, simukufunika kuuzidwa kuti kudambwe salowako mwachisawawa ndiponso kuti chilombo sachijambula osapempha. Malamulo ake ndi omwewo.

January ndi nyengonso ya miyambo ya maliro yomwe amati funérailles. Si kuika maliro ayi. Munthu anaikidwa kale, mwina chaka chatha, mwina zaka zisanu zapitazo, ndipo banja lakhala likusonkha ndalama kuti limulire mokwanira. Loweruka misewu ya kumidzi imadzaza galimoto zochokera ku Douala, abale atavala nsalu yofanana, ng'oma, mfuti zamwambo zikulira, chakudya chosatha. Ngati mnzanu wa kumsonkhano ndi wa kumeneko ndipo wakuitanani, siyani pulogalamu ina iliyonse mupite, mutanyamula envelopu ya chipepeso.

Tsopano Foumban, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Bafoussam. Panjira mudzadutsa bwalo la Kouekong, pamene Flames inagonja 1-0 ndi Guinea, n'kugonjetsa Zimbabwe 2-1, n'kulepherana 0-0 ndi Senegal, yomwe inadzatenga chikhocho. Foumban ndi likulu la ufumu wa Abamoun, umene mbiri yawo imati unayambitsidwa ndi Nchare Yen mu 1394. Anthu ake ambiri ndi Asilamu, choncho valani motalika monga mungavalire ku Mangochi kumudzi. Mugoneko usiku umodzi kapena uwiri, musangodutsa.

Munthu amene mukupitira kumeneko ndi Sultan Ibrahim Njoya. Cha m'ma 1896, ali mnyamata, anayamba kupanga zilembo za chilankhulo cha anthu ake. Poyamba zinali zithunzi pafupifupi 500, chilichonse choimira chinthu. Anazikonza kangapo mpaka zinatsala pafupifupi 80, chilichonse choimira phatikizo la mawu. Anatsegula masukulu ophunzitsa zilembozo, analembetsa mbiri ndi miyambo ya Abamoun, mankhwala azitsamba, milandu ya kubwalo, ndipo anatuma anthu kuyeza dziko lake n'kujambula mapu. Anapanganso chigayo cha chimanga. Amene munamvapo za zilembo za Mwangwego kwathu kuno mukudziwa kuvuta kwake kuti anthu alandire kalembedwe katsopano. Njoya anali ndi mwayi woti anali mfumu, akalamula sukulu imatsegulidwa. Ndi Ajeremani anakhala nawo mwanzeru. Mu 1908 anapereka mpando wachifumu wa mikanda, wotchedwa Mandu Yenu, kwa mfumu ya Ajeremani, Kaiser Wilhelm II, ndipo mpaka lero uli ku Berlin. Ngati inali mphatso yochokera pansi pa mtima kapena ya munthu wopanikizidwa, imeneyo ndi nkhani imene anthu akukanganabe. Afalansa atabwera sanamukhulupirire. Anamulanda mphamvu, masukulu ake anatsekedwa, ndipo mu 1931 anamuthamangitsira ku Yaoundé, kumene anamwalira mu 1933.

Nyumba yachifumu imene anamanga cha mu 1917 ilipobe, ya njerwa zofiira, yosanja, ya makhonde a matabwa osemedwa, yosakaniza kamangidwe ka Chijeremani ndi ka kwawo. Pambali pake pali nyumba yatsopano yosungiramo zakale, yotsegulidwa mu 2024, yomwe anaimanga m'maonekedwe a chizindikiro cha ufumuwo: njoka ya mitu iwiri, pamwamba pake kangaude wamkulu. Njokayo imakumbutsa mfumu Mbuembue, yomwe imati inamenya nkhondo mbali ziwiri nthawi imodzi; kangaude ndi chizindikiro cha khama ndi nzeru. Mkati, pemphani wokuperekezani wolankhula Chingerezi, ndipo muime nthawi yaitali pa mabuku a Njoya. Ine chimene chinandigwira mtima si mikanda kapena zida zankhondo, koma tsamba limodzi lachikasu ndi ukalamba, mizere yake yowongoka bwinobwino, inki yosafufutika, m'zilembo zomwe sindikanatha kuwerenga ngakhale chimodzi. Mnyamata wondiperekeza anaika chala pagalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono ngati mwana wa Sitandade 2, n'kunena kuti akuphunzira kumene. Mukatuluka pitani ku msewu wa amisiri, kumene amasungunula mkuwa ndi kusema mitengo. Nenererani mtengo mosaopa, ndipo wina akakuuzani kuti chosemacho ndi cha zaka 200, sekani naye limodzi: anachikwirira m'dothi mwezi watha. Gulani chatsopano chodziwika kuti n'chatsopano, chifukwa zakale zenizeni sizololedwa kutuluka popanda chilolezo.

Za chakudya kumapiriko mudzamva ngati muli kwanu. Mukaona pamndandanda wa zakudya palembedwa couscous, musaganize za timbewu tija ta Aarabu: ku Cameroon couscous de maïs ndi nsima ya chimanga, olankhula Chingerezi amati fufu corn. Amadyera njama njama, womwe ndi mnadzi wathu womwewu, ndi nkhuku yowamba yotchedwa kati kati. Yesaninso achu, koko wosinja wodyera msuzi wachikasu wa mafuta ofiira a kanjedza, aja a ku Karonga amati mawese. Amadya ndi chala, kuboola pakati ngati chitsime. Chakumwa chofiira chotchedwa foléré ndi chidede. Uchema amati matango. Tsabola wawo ndi woopsa kuposa kambuzi, muziyamba mwalawa.

Dschang, tauni ya yunivesite yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,400, ndi yozizira, moti juzi mudzaifuna. Ili ndi nyumba yabwino yofotokoza zikhalidwe za dziko lonselo, Musée des Civilisations, m'mbali mwa kanyanja. Usiku umodzi ukwana. Kuchokera pamenepo msewu umatsika chiphedi chokhotakhota kupita ku Santchou ndi Melong; ngati mumachita chizungulire pa Golomoti, khalani pampando wakutsogolo. Tsiku limeneli ndi loyenera kubwereka galimoto ndi dalaivala wake, chifukwa pafupi ndi Melong pali mathithi a Ekom Nkam, pamene madzi amagwa mamita pafupifupi 80 pakati pa nkhalango yowirira, ndipo basi siingakudikireni. Kutsika masitepe opita kumunsi n'kosavuta, kukwera ndiye mudzadziwa zaka zanu. Kupitirira Nkongsamba mudzalowa m'minda ikuluikulu ya nthochi, ndipo pa Penja imani mugule tsabola woyera. Amamera m'dothi la chiphalaphala cha mapiri, ndipo mu 2013 anakhala chimodzi mwa zokolola zoyamba mu Africa muno kutetezedwa ndi dzina la dera lake. Ndi mphatso yopepuka yomwe apongozi sadzaiiwala.

Douala idzakulandirani ndi chifundizi chonga cha ku Nsanje mu November, chophatikiza ndi chinyezi cha nyanja. Anthu ambiri amaida, ine ndimaikonda kwa masiku awiri, osapitirira. Ndi doko la pamtsinje wa Wouri, lomwe limadyetsanso Chad ndi Central African Republic. Dzina la dziko lonse linachokera pamtsinje umenewu: Apwitikizi atafika cha mu 1472 anapeza tinkhanu tambirimbiri n'kuutcha Rio dos Camarões. Ku Bonanjo kuli nyumba yotchedwa La Pagode, ya banja lachifumu la Bell. Rudolf Duala Manga Bell, amene anakana kuti Ajeremani alande malo a anthu ake m'mbali mwa mtsinje, ananyongedwa pa 8 August 1914. Pa raundabauti ya Deido pali chimunthu chachitali mamita 12 chopangidwa ndi zitsulo zotayidwa za galimoto, La Nouvelle Liberté. Idyani ndolé, masamba owawa otsukidwa bwino n'kutendera nsinjiro, muli nyama kapena tinkhanu, ndi miondo, chinangwa chovundika chokulungidwa m'masamba, fungo lake la kondowole. Makabaza a njinga zamoto, omwe amati benskin, ndi ochuluka ngati nyerere ndipo saopa imfa. Inu kwerani takisi, foni ili m'chikwama, galasi lili lotseka.

Nanga Limbe ndi phiri lija? Limbe wa kumeneko, mnzake wa dzina wa Limbe wathu, ali makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Douala. Anayambitsidwa mu 1858 ndi mmishonale Alfred Saker, ankatchedwa Victoria mpaka 1982. Mchenga wake ndi wakuda bii chifukwa cha phirilo, kuli munda wa zomera womwe Ajeremani anayamba mu 1892, malo osungira anyani opulumutsidwa, ndi nsomba zootcha ku Down Beach. Chakumadzulo, cha ku Bakingili, mukhoza kuponda chiphalaphala chouma chomwe chinatsika mu 1999 n'kudula msewu. Koma Limbe ali mu South West. Wakhala wabata kuposa madera ena, mpaka masewero ena a chikho chija anachitikira komweko, komabe ndi chigawo cha nkhondo. Langizo langa ndi ili: funsani anzanu a kumsonkhano sabata yomweyo, onani ngati inshuwalansi yanu ikufikako, ndipo akati kuli bwino, pitani m'mawa ndi dalaivala wodziwika n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Lolemba ayi. Kukwera phiri ndiye ndikuti musiye. Mount Cameroon ndi wopitirira mamita 4,000, kuposa Sapitwa ndi mamita 1,000, ndipo amayambira pafupi ndi nyanja. Pamafunika masiku awiri kapena atatu, operekeza ndi zovala za chisanu, kunyamukira ku Buea. Mu 2023 mabomba anaphulika pa mpikisano wothamanga wa paphiripo, anthu n'kuvulala. Mudzaliona muli ku Limbe ngati mitambo italola.

Masiku atatu omaliza akhale a Kribi, maola atatu kapena anayi kuchokera ku Douala kudzera ku Edéa, pamene mumawoloka mtsinje wa Sanaga. Chigawo cha msewu cha Douala mpaka Edéa ndi cha mathiraki ndi ngozi zambiri, china chokuletsani kuyenda usiku. Ku Kribi mchenga ndi woyera, migwalangwa ndi mitengo ya nkhalango yafika mpaka m'madzi. Makilomita ochepa kumwera, mtsinje wa Lobé umagwera m'nyanja yamchere mwachindunji, mathithi otambalala ogwa pamiyala yakuda, mafunde akuwalandira pansi. Ndi malo ochepa padziko pamene zotere zimachitika. Anyamata a mabwato adzakutengerani pafupi mpaka mudzanyowe ndi nthunzi yake. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo funsani jekete yoyandamitsa. Adzakuuzaninso za ulendo wokwera mtsinje kukaona mudzi wa Abagyeli, anthu a m'nkhalango. Ine umenewo sindiulimbikitsa: nthawi zambiri ndi chionetsero chokonzera alendo, anthu osauka kuvinitsidwa kuti ajambulidwe, ndalama zambiri n'kutsala ndi wapakati.

M'tauni muli nsanja younikira sitima yomwe Ajeremani anamanga mu 1906, ndipo pafupi pake pali doko la asodzi. Pitani pamene mabwato akufika, sankhani nokha nsomba kapena tinkhanu, mupatse mmodzi wa amayi a mbaula pomwepo akuotchereni, mudye ndi bobolo (chinangwa chonga miondo koma chokulirapo) ndi tsabola, manja okhaokha. Kumwera kuli doko latsopano la sitima zikuluzikulu lomwe linayamba ntchito mu 2018, ndipo paipi ya mafuta yochokera ku Chad imathera kunyanja komweko, choncho usiku mudzaona magetsi a sitima patali. Posamba kumbukirani kuti iyi si Senga Bay. Nyanja yamchere imakoka ndi pansi, madzi akuoneka odekha pamwamba. Sambani pamene eni dera akusamba, madzi asapitirire m'chiuno. Udzudzu wa kugombe ndi waukali, ndipo malungo a kumeneko sasamala zoti munakulira nawo, choncho neti ndi mankhwala odzola musasiye. Ngati n'kotheka fikani ku Kribi mkati mwa sabata, chifukwa Loweruka ndi Lamulungu a ku Douala ndi Yaoundé amakhamukira komweko ndipo zipinda zimakwera mtengo.

Kuwerengera kwake ndiye kotere: awiri ku Yaoundé, limodzi panjira, anayi kumapiri kuphatikizapo lotsikira ku Douala, awiri ku Douala pamodzi ndi Limbe ngati kuli bata, atatu ku Kribi. Tsiku lomaliza la Kribi likhale lobwerera, mukagone ku Douala usiku woti mawa lake mukwera ndege. Thiraki imodzi ikagona pamsewu pa Edéa, mzere wa galimoto umafika makilomita angapo, ndipo ndege ya ku Addis Ababa sidzakudikirani.